Mwana wanga akumasokonezeka posanja ziganizo, ndimuthandize bwanji?

Mayi ena alemba kuti mtsikana wawo wa Fomu 2 anapatsidwa ziganizo zisanu zosakanizasakaniza zonena za moto wolusa wa ku America kuti azisanje zipange ndime, ndiye analakwa, pano akuti mafunso amenewa ngongolotera basi. Ziganizo zake ndi izi:

A. Anthu 85 anafa ndipo pafupifupi tauni yonseyo inasanduka phulusa.
B. Chifukwa cha mphepoyi, m'maola ochepa motowo unali utalowa m'tauni ya Paradise.
C. M'mawa wa pa 8 November 2018, moto unabuka m'tchire kumpoto kwa California.
D. Tsikulo kunali chimphepo ndipo udzu unali utauma gwa poti mvula inachedwa.
E. Patapita miyezi, ofufuza anapeza kuti unayamba ndi nthambo zamagetsi za kampani ya PG&E.

Mayi, apa palibe zolotera ayi, yankho lili m'ziganizo momwemo. Ana ambiri amathamangira kusaka chiganizo choyamba kenako zinazo amangoponya, ine ndimawauza kuti ayambe asaka ziwiri zomwe sizingasiyane. Taonani B akuti "mphepoyi", mphepo yake iti? Ndiye kuti inatchulidwa kale, ndipo yatchulidwa mu D, basi D ndi B zagwirana. A akuti "tauni yonseyo" pomwe dzina la tauni lili mu B, choncho A sangabwere B asanadutse. D naye akuti "tsikulo", tsiku lenilenilo lili mu C. Mwaona, C D B A zatuluka zokha, komanso C ndi yekhayo amene munthu angamumve asanawerenge china chilichonse.

Pamene ana amagwa kwambiri ndi pa E, ndipo sindikayika kuti wanu anamuika pambuyo pa C poganiza kuti choyambitsa moto chikuyenera kukhala koyambirira. Maganizo ake si oipa konse, ndi mwana woganiza ameneyo, kungoti sanayang'ane mawu oti "patapita miyezi". Ndimeyi ikutsata nthawi, inde moto unayamba ndi nthambo m'mawa womwewo koma anthu anadzatsimikiza mochedwa, mu 2019, ndiye E amapita kumapeto. Komanso ukamulowetsa pakati pa C ndi D, "tsikulo" sadziwikanso kuti akuloza tsiku liti, la moto kapena la ofufuza aja.

Chinanso musaiwale kuti mwanayu moto amaudziwa kale, wawonapo anyamata osaka mbewa atayatsa tchire mu September kapena October, mphepo n'kuutenga mpaka kukanyambita nkhokwe kapena mitengo ya paini ngati zimachitikira ku Chikangawa. Kuuma, kuyaka, kufalikira, kuwononga, kenako kufunsana kuti wayatsa ndani. Amange pa zomwe akudziwazo.

Kunyumba tengani nyuzipepala yakale, dulani ndime imodzi chiganizo chiganizo ndi sizasi, sakanizani pa mphasa, iye asanje. Akamaliza musamuuze msanga kuti wakhoza kapena walakwa, mufunseni kuti ichi wachiika apa chifukwa chiyani, akuloozereni liwu lenileni lomwe lamutsogolera, ndipo awerenge mokweza chifukwa khutu limagwira pomwe padumpha. Olo Chingerezi chikukuvutani inuyo yambani ndi nkhani za Chichewa, luso lake ndi lomwelo, ndipo adzalifuna polemba chimangirizo pa MSCE ngakhalenso pa mayeso a Chingerezi a PTE omwe ena amalemba pofuna sukulu kunja, mmenemo muli gawo losanja ziganizo ndendende chonchi.