Musamulipire amene akukulonjezani tsamba loyamba la Google

Mayi, munthu amene akukulonjezani kuti webusaiti yanu ikhala pa tsamba loyamba la Google m'masabata ochepa musamupatse ndalama, chifukwa ine ndinagwa m'manja mwa wina wotere ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ndimagulitsa zipangizo za makina osokera pa intaneti, ndipo makasitomala ambiri ankandipeza polemba dzina la kachitsulo kamene kawathyokera. Mukudziwa mmene tonsefe timachitira: timangoyang'ana mayina atatu kapena anayi a pamwamba, ndipo tikapanda kukhutira timasintha mawu ofufuzira m'malo mopita pa tsamba lachiwiri. Amene ali pa nambala 11, kumene kuli kale pa tsamba lachiwiri, amakhala ngati kulibe, ngakhale katundu wake atakhala wabwino kuposa wa onse.

Wodzitcha katswiri uja anandiuza kuti ali ndi njira yachidule, kumene kunali kugula malinki ambirimbiri, ndiko kuti mawu oikidwa pa masamba a anthu ena amene munthu akawadina amafika ku webusaiti yanga. Bodza lake linali ndi kachoonadi mkati, pakuti kuyambira pamene Larry Page ndi Sergey Brin anakhazikitsa Google mu 1998, njira yawo ya PageRank inkatenga linki iliyonse ngati voti yosonyeza kuti tsambalo ndi lodalirika. Chimene anandibisira n'chakuti malamulo a Google amaletsa malinki ogula, komanso kuti mu 2012 Google inatulutsa Penguin, njira yatsopano yosanjira zotsatira za kufufuza, pofuna kuthana ndi chinyengo chomwechi.

Poyamba ndinakweradi ndipo maoda anachuluka. Kenako m'mawa wina ndinatsegula Search Console, tsamba la Google loonetsa mmene webusaiti yako ikuyendera, n'kupeza uthenga wa manual action, chilango chimene ogwira ntchito ku Google amapereka, wonena kuti malinki oloza kwa ine si achilungamo. Ndinalemba mawu amene kale ankandibweretsa pamwamba, ndinatsika tsamba lachiwiri, lachitatu, lachinayi, manja akunjenjemera, koma dzina langa kunalibe. Pamalo panga panali mnzanga wina wogulitsa zinthu zomwezo, amene mitengo yake ndi yokwera kuposa yanga. Nditatsegula mndandanda wa malinkiwo ndinapeza dzina la bizinesi yanga pa masamba a juga ndi a zolaula, ena olembedwa m'zilankhulo zimene sindingathe n'komwe kuwerenga. Foni imene inkalira tsiku lonse inangoti zii, katundu ali mbwee m'makatoni, ngongole ya amene anandipatsa katunduyo ikundidikira. Munthu uja nditamuimbira anayankha mopanda manyazi kuti Google imasinthasintha, ndiye ndiwonjezere ndalama kuti akonze zimene anawononga yekha. Mawa lake nambala yake sinapezekenso. Anthu otere ndi mbava basi, ndipo chondinyansa n'chakuti amasaka ife amene tikungoyamba kumene.

Zinanditengera miyezi kulembera eni masamba aja kuti achotse malinkiwo, kukana otsalawo kudzera mu disavow (njira youzira Google kuti isawawerengere), ndi kupempha a Google kuti aunikenso webusaitiyo. Chilangocho chinachotsedwa, koma makasitomala ambiri anali atazolowera kale kugula kwina, poti munthu akapeza pogula pamene sipanamukhumudwitse safufuzanso. Malo a pamwambawa ndi ndalama zenizeni, n'chifukwa chake mu 2017 bungwe la European Commission, la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, linalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chifukwa choika patsogolo ntchito yake yoyerekezera mitengo n'kukankhira pansi opikisana nayo.

Langizo langa ndi lakuti lembani nokha tsatanetsatane wa katundu wanu m'mawu amene ogula amagwiritsa ntchito, onetsetsani kuti webusaitiyo ikutseguka msanga pa foni, ndipo sungani manambala a makasitomala anu kuti muziwafikira popanda kudalira kufufuza. Komabe nokha simungafike patali, choncho pezani munthu wodziwadi SEO, luso lokonza webusaiti kuti izipezeka mosavuta pofufuza, mumulipire bwino, ngakhale atanena kuti akufuna kukupezerani malinki angapo, bola asakhale ogula, ndipo akuonetseni tsamba lililonse asanaikepo dzina lanu.