Anandiyezera ndi khoma lopanda kanthu lomwe

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti khonsolo yamukaniza chikwangwani chomwe iye akuona kuti n'chaching'ono, ndiye akufuna kudziwa kuti anthu amenewa amayeza bwanji kukula ndi kutalika kwake. Amayi, mwandikanda pachilonda.

Zaka zapitazo ndinapangitsa zilembo zachitsulo, chilichonse pachokha, zokhomera pakhoma la kamalo kanga kantchito. Lamulo la dera limenelo linkalola masikweya mita 2. Ndinayeza chilembo chimodzichimodzi n'kuphatikiza, sizinakwane n'komwe sikweya mita imodzi. Mtima uli m'malo, ndinauza wowotcherera kuti andionjezere kanyenyezi kachikasu pamwamba pa chilembo chomaliza, kongokometsera basi. Woyendera atabwera, zilembo zanga sanaziwerenge n'komwe. Anakoka tepi kuyambira pachilembo choyamba mpaka chomaliza, mamita 3. Kenako anayeza kuchokera pansi pa zilembo mpaka pansonga ya kanyenyezi, masentimita 90. Anachulukitsa, yankho 2.7. Popanda kanyenyeziko zikanakhala 3 kuchulukitsa ndi theka la mita, 1.5, ndipo ndikanadutsa. Ndinamuuza kuti, "Koma bwana, apotu palibe kanthu, ndi khoma chabe." Iye anangondionetsa ndime yomwe ndinali ndisanaiwerenge: kukula kwa chikwangwani ndi bokosi laling'ono kwambiri la ngodya zinayi lomwe lingazungulire mawu onse ndi zithunzi zonse pamodzi.

Ndinakwiya sabata yathunthu. Lero ndikunena mosabisa kuti munthu uja ankalondola, ndipo lamulolo n'labwino. Diso la woyendetsa galimoto siliphatikiza zilembo, limaona malo onse omwe mwalanda. Akanati aziyeza penti yokha, wina akanamwaza zilembo zisanu khoma lonse n'kumati n'kachikwangwani kakang'ono. Ndipo amene amadandaula kuti makhonsolo amavuta akaone za ku São Paulo, mzinda waukulu wa ku Brazil. Mu 2006, meya ali Gilberto Kassab, anakhazikitsa lamulo la Cidade Limpa lomwe linachotsa zikwangwani zikuluzikulu zotsatsa malonda mumzinda wonse. Nyumba yomwe kumaso kwake sikukwana mamita 10 inaloledwa masikweya mita 1.5 okha, yoyambira mamita 10 mpaka 100 inaloledwa 4. Ku America nako, mu 2015, khoti lalikulu pa mlandu wa Reed v. Town of Gilbert linakana zoti boma la tauni lizisiyanitsa zikwangwani potengera uthenga wolembedwapo, koma silinaletse malire a kukula. N'chifukwa chake nkhondo yonse imathera pa tepi.

Za kutalika ndiye anthu amachenjera nazo mpaka kuseketsa. Ndinaonapo munthu atathira mulu wa dothi, n'kudzalapo kapinga, n'kuimika chikwangwani pamwamba pake ngati mbendera pachulu. Ankaganiza kuti ayeza kuyambira pakapingapo. Malamulo ambiri anatseka kale mpata umenewo: amayeza kuchokera pamene nthaka inalili musanaiunjike, ena kuchokera pakatikati pa msewu wapafupi, mpaka pansonga penipeni, kuphatikizapo kadenga kapena nyali yomwe mwaikapo. Ngati malo anu ali m'munsi mwa msewu, kuyezera pamsewu kumakukomerani. Ngati ali pamtunda, kumakudyerani.

Tsono pafunso lanu, amayi

Powerenga malamulo a khonsolo yanu, musayambire patebulo la manambala, yambirani pandime yotanthauzira mawu, chifukwa dera lililonse lili ndi kayezedwe kake. Ngati mawu ali pabolodi, nthawi zambiri amayeza bolodi lonse ndi felemu yake, koma mizati yochirikiza sawerengera pokhapokha mutalembapo kapena kuikongoletsa ngati mbali ya uthenga. Chikwangwani cha nkhope ziwiri zoyang'ana kosiyana amawerenga nkhope imodzi, malinga ngati zagundana misana; mukazitanula kwambiri ngati chilembo cha V, amawerenga zonse ziwiri. Cha pakhoma kawirikawiri chimatengera utali wa kumaso kwa nyumbayo, ndipo cholendewera pamwamba pa njira ya oyenda pansi chimafunika mpata wosachepera mamita 2.4 kuchokera pansi m'madera ambiri. Pamphambano samalani, salola chotchinga maso a oyendetsa.

Jambulani papepala, zungulizani bokosi kukhudza nsonga iliyonse, pitani nalo kuofesi akakuyezereni musanadule chitsulo. Kanyenyezi kanga kaja ndinakachotsa ndi sipanala tsiku lomwelo, mpaka pano kali m'dirowa pamodzi ndi mabawuti ake awiri.