Utoto kapena penti: mawu oyenera pa ntchito ya mapepala

Funso: Ndine mphunzitsi wapulayimale m'boma la Dedza. Ndi ophunzira anga timapanga makhadi ndi zithunzi pomata mapepala, tizigamba ta chitenje, njere ndi masamba ouma a nthochi. Ndikufuna kulemba malangizo m'Chichewa, koma ndikukayika ngati ndilembe "utoto" kapena "penti", ndiponso mitundu yake ndiitchule bwanji.

Yankho: Aphunzitsi, funso lanu landisangalatsa, makamaka chifukwa likuchokera ku Dedza, kumene kuli mapanga a Chongoni. M'malo okwana 127 a kumeneko, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Anthu amene ankalocha miyala kalekale chonchi sakanadikira sitolo ya hadiweya kuti apeze dzina la chimene ankapakacho.

Mawu athu ndi "utoto", ndipo kapangidwe kake kamandikopa mtima. Ali m'gulu limodzi ndi ufa, uchi, ulimbo ndi utomoni, zinthu zimene sitiziwerenga chimodzichimodzi koma timazitapa kapena kuzitunga. N'chifukwa chake timanena kuti utoto wofiira, utoto wauma, ndipo "mautoto" amandiwawa m'khutu ngakhale kuti ena amalemba choncho. Ine ndimakhulupirira kuti utoto, utomoni ndi ulimbo zinkayendera limodzi m'maganizo a makolo athu, pakuti zonse ndi zomata zochokera m'nthaka kapena mu mtengo. Ndili mwana ndinkaona amayi anga, akatha kuzira, akusungunula katondo m'phale, makala osinja m'chigoba china ndi dothi loyera m'china, kenaka n'kumalemba timizere ndi timaluwa m'munsi mwa khoma pogwiritsa ntchito kansanza. Sindinawamvepo akunena kuti akupenta. Ankati akulocha nyumba.

Komabe "penti" sindimukana. Analowa m'chiyankhulo chathu pamodzi ndi malata ndi simenti, ndipo anapeza malo akeake: ndi uja wam'chitini, wonunkha, wopaka pakhoma, pachitseko kapena panjinga. Mgwirizano wake woyenera ndi wa "penti woyera", "penti wauma". Ndimamva ambiri akuti "penti yoyera", koma polemba tsatani woyambayo ndipo musasinthesinthe m'tsamba limodzi. Pa ntchito ya mapepala lembani "utoto", ndipo "penti" mumusungire chenjezo, chifukwa penti wamafuta wa m'nyumba sayenera kufika pakhadi: mafuta ake amalowerera m'pepala n'kusiya banga kuzungulira pamene mwapaka, amachedwa kuuma, ndiponso burashi yake imafuna parafini, amene si woyenera m'manja mwa ana.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi mneni. Masiku ano "kujambula" wasenza katundu wa aliyense: wojambula ndi pensulo, wojambula ndi foni, wojambula nyimbo, ngakhale wojambula chifuwa kuchipatala. Pamene "kujambula" walephera, anthu amathamangira "kupenta", ngati kuti Chichewa chilibe mawu ena. Chonsecho tili nawo osiyanitsa bwino. Kupaka ndi kuyala utoto pamalo ponse. Kulocha ndi kukongoletsa ndi mizere, madontho ndi maluwa. Kunyika ndi kumiza nsalu kapena pepala mu utoto kuti ulowerere, ndipo kudinda ndi kusindikiza chithunzi ndi chidutswa cha mbatata kapena tsamba. Mwana akamva mawu anayiwa amadziwa chochita ndi dzanja lake, pamene "pentani" samuuza kanthu.

Tsopano za mitundu yake. Pano pali msampha, chifukwa mawu oti "mtundu" amatanthauza zinthu ziwiri, ndipo mukafunsa kuti "utoto wamtundu wanji?" wina ayankha kuti wobiriwira pamene inu mumafunsa za kapangidwe. Ndikuganiza kuti chisokonezo chimenechi ndicho chinatsegulira khomo mawu oti "kala", amene ndimawalola pamsika koma osati m'malangizo olembedwa. Inu tchulani maonekedwewo mwachindunji, monga wofiira, wachikasu, wakuda kapena wobiriwira, ndipo kapangidweko mukatchule potengera khalidwe la utotowo.

Uja wa timibulu touma m'kabokosi utcheni "utoto wamadzi". Chomatira chake ndi utomoni wa mitengo ya m'banja la mthethe, choncho umaonetsa pepala kunsi kwake ndipo umasungunukanso ukakhudza madzi ngakhale utauma. Pepala wamba la muofesi, lolemera magalamu 80 pa sikweya mita, limakwinyika nawo msanga, pamene pepala lake lenileni limakhala lochindikala, nthawi zambiri la magalamu 300. Waufa wosungunulira m'zitini, umene ife tinkapaka kusukulu ndi kamtengo kotafuna kunsonga, ndi "utoto waufa". Ndi wotsika mtengo ndipo umaphimba bwino, koma ukachuluka umang'aluka ndi kuyoyoka khadi likapindidwa.

Wachitatu ndiye woyenera kwambiri ntchito yanu, ndipo dzina lake ndikulola kuti tibwereke. Pabotolo pamalembedwa acrylic, ife tilembe "akiriliki", chifukwa wogula akapita m'sitolo ndi dzina lopeka abwerako chimanjamanja. Musautche wamadzi ngakhale kuti umasungunulidwa ndi madzi, pakuti ukangouma, zimene zimachitika m'mphindi zochepa, umasanduka kachikopa kapulasitiki kosachoka ndi madzi. Umagwira pepala, katoni, nsalu, njere ndi thabwa mofanana, ndipo mukhoza kupaka wina pamwamba pa unzake osasokoneza wapansiyo. Malangizo anu anene momveka kuti burashi itsukidwe utoto usanaume, apo ayi iuma gwaa ndi kutayidwa.

Ntchito yonseyo, imene Azungu ali ndi dzina lake, itcheni "luso losakaniza zipangizo", mawu amene kholo lililonse lingawamve popanda womasulira. Chiganizo choyamba cha malangizo anu chikhoza kukhala chotere: "Matani zigamba ndi njere papepala lochindikala, dikirani guluu aume, kenaka pakani utoto wa akiriliki ndi kulocha m'mbali mwake."