Kodi ndingomulembera khodi wophunzira wanga?

Mayi wina wophunzitsa za kompyuta wanditumizira imelo. Wophunzira wake wa chaka chomaliza akufuna kupanga pulogalamu yozindikira matenda a tiyi poona zithunzi. Kwatsala miyezi itatu, zithunzizo alibe. Mayiyo akufunsa ngati angomulembera khodi, malangizo amene amapanga pulogalamuyo, kuti asalephere.

Achemwali, mwandigunda pachilonda, chifukwa ine ndinachitapo zimenezo.

Anali mnyamata wa ku Luchenza, waulemu, wobwera pa njinga m'mamawa nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi. Ndinamumvera chisoni. Magetsi akabwera usiku ndimakhala pa laputopu kukonza khodi yake ya m'chiyankhulo cha kompyuta cha Python, mawa lake n'kumuuza kuti "ndangokhudzako pang'ono". Pang'onopo panali pafupifupi theka la ntchito. Tsiku loteteza projekiti, mkulu wina anamulozera mzere umodzi wa khodi n'kufunsa kuti ukuchita chiyani. Mnyamata uja anatembenuka n'kuyang'ana ine. Chipinda chonse chinayang'ananso ine. Mpaka lero ndikadutsa pa Luchenza ndimatembenuzira nkhope kumbali.

Ndiye ayi, musalembe. Ndimati nditi "zimatengera", koma ayi. Chimenecho si chifundo, n'kumubera mwana digiri yake ali maso.

Vuto lenileni ndi kukula kwa mutu wa projekitiwo. Masiku ano mwana aliyense akufuna machine learning (kuphunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu poionetsa zitsanzo zambiri), ngati kuti kafukufuku wopanda mawu amenewa ndi ndiwo zopanda mchere. Koma taonani othyola tiyi kwathu kuno ku Thyolo: satenga nthambi yonse, amangothyola timasamba tiwiri ndi kansonga. Kafukufuku nayenso ndi chimodzimodzi: katswiri wa masamu Euler mu 1736 anangofunsa ngati munthu angawoloke milatho 7 ya mumzinda wa Königsberg, uliwonse kamodzi kokha, ndipo masamu a ma graph (timadontho tolumikizidwa ndi mizere) anayambira pamenepo. Nkhani ya katswiri wa kompyuta Dijkstra ya mu 1959 yopezera njira yachidule ili ndi masamba atatu okha.

Ndipo milatho ifenso tili nayo! Namondwe Freddy atakokolola milatho ku Mulanje mu Malichi 2023, anthu ankafunsana kuti akafika bwanji ku Muloza kapena ku Phalombe. Wophunzira atajambula misewu yochoka pa Chitakale ngati graph, n'kumachotsa mlatho umodziumodzi kuti aone midzi yomwe ikutsala payokha, ine ndingamupatse malikisi mosanyinyirika. Koma ana athu amati zimenezi n'zachimidzi, akufuna za pa YouTube.

Ndiye muchite chiyani?

Dulani mutuwo: nthenda imodzi basi, tsamba lodwala ndi labwinobwino. Sabata ino akapemphe chilolezo ku esiteti, akajambule ndi foni yake, ndipo mlangizi wa zaulimi amuuze lodwala ndi liti. Muzikumana kamodzi pa sabata, iye pa kiyibodi, inu manja m'thumba. Akakakamira mutu waukulu uja, muuzeni akaulembe m'chaputala chomaliza, pa za ntchito yamtsogolo.