Ndinagenda wakuba ndi khadi, mundifunse ine

Achimwene, mwafunsa m'gulu lino zophunzira kuponya makhadi a njuga kuti muzidzitetezera nawo kwa akuba mukamaweruka usiku. Musayerekeze. Ndikukuuzani ine amene ndinataya foni, nsapato ndi ulemu usiku umodzi chifukwa chokhulupirira kuti makhadi a njuga angandiperekeze kunyumba. Kuphunzira kuwaponya phunzirani, koma zoti muzidzitetezera nawo mukamaweruka usiku, iwalani. Ndaona ena pamwambapa akukuchemererani, wina mpaka akuti khadi limadula khosi. Amene walemba zimenezo sanaonanepo maso ndi maso ndi chikwanje.

Ine ndinkagulitsa pa bala ina ku Limbe, ndikukhala ku Bangwe. Masana pabala pamakhala zii, ndiye ndinkangothera bandulo pa YouTube. Kumeneko ndi komwe ndinamupeza Rick Smith Jr., mzungu wa ku America amene mu 2002 anaponya khadi mtunda wa mamita 65.96 mpaka kulowa m'buku la Guinness. Ndinati ngati iye ali ndi dzanja, inenso ndili nalo. Zoti munthuyo anali woponya mpira wa baseball kuyambira kale, ine sindinazilabadire. Ndinagula paketi, ndikuimika katoni kuseri kwa kauntala, ndikuyamba. Mwezi woyamba makhadi ankangogwera paphazi panga ngati masamba. Mwezi wachitatu khadi linkazikika pakatoni. Pofika wachisanu ndi chimodzi ndinkadula nthochi yakupsa pakati, ndipo papaya ndinkalisiya ndi makhadi asanu ali njo. Makasitomala ankabetcherana mowa pa dzanja langa.

Amene anandipweteka kwenikweni ndi alamu anga, ndipo ngati muli m'gulu lino alamu, werengani bwinobwino. Iwowo ndiwo anandipatsa dzina loti Ninja wa ku Bangwe. Aliyense wolowa pabala ankamuuza kuti uyu sagendedwa, khadi lake limaposa mpeni. Tsiku la tsokalo ndalama ya kabaza ndinali nayo m'thumba. Iwo anati, "Tiwonongeranji ndalama alamu, si muli ndi zida zanu? Tiyeni tidule apa." Ndalama ya kabazayo tinagula mabotolo awiri. Ine nanenso kupusa, ndinavomera.

Munali mu July, chiperoni chili waa, kamvula kosaleka kaja kolowa mpaka m'mafupa. Titadutsa kamlatho kena kopanda magetsi, patsogolo pathu panatulukira anyamata atatu. Wapakati anali ndi chikwanje, ankachikhwekhwereza pansi dala kuti tichimve. Ndinatembenuka kuti ndiwauze alamu kuti aime kumbuyo kwanga. Kunalibe munthu. Ndinangomva mapazi phaphapha chakumtunda, liwiro la mtondo wadooka. Munthu amene amadandaula bondo tikamanyamula makireti!

Apa ndi pomwe ndimadziseka ndekha mpaka lero. M'malo mowatsatira, ndinapisa m'thumba la jekete ndi kutulutsa paketi. Ndinaimanso mwaukatswiri, phewa patsogolo, monga m'mavidiyo muja. Ndinakuwa kuti aliyense wosendera ataya diso. Anyamata aja anaimadi, poganiza kuti mwina ndi mfuti. Ndinasolola khadi loyamba, koma zala zinali zitazizidwa, khadi lomwe litanyowa ndi chinyezi cha m'thumba, lalobodoka ngati chigumu chogona. Ndinaliponya. Linayenda mwina mamita awiri, mphepo inalinyamula, linazungulira kamodzi ndi kukatera bwinobwino pansapato ya wachikwanje uja. Iye anawerama, kulitola, kuliunika ndi tochi ya foni. Anati, "Joker."

Lachiwiri linamumenya ndithu, pachifuwa, pa jekete yake yokhuthala. Linangolira kuti phwa. Lachitatu sindikudziwa komwe linapita.

Abale anga, kumenyedwa kumapweteka, koma kusekedwa ndi akuba ndi chinthu china. Mmodzi anachita kukhala pansi pamatope chifukwa cha phwete. Atamaliza kuseka ndi pomwe anandiwombera chikwanje cham'mbali pamsana, kawiri, mpweya kuthawa. Anandigwetsa, bondo pakhosi, kundipisa m'matumba monse. Foni, malipiro anga a mwezi omwe ndinali nditangolandira, lamba, nsapato. Ndinkaganiza kuti zatha. Ayi. Wachikwanje uja anati dzuka, tiphunzitse. Ndinaima pamenepo wopanda nsapato, buluku ndagwirizira ndi dzanja limodzi, ndikuonetsa akuba kagwiridwe ka khadi, wina akundiunikira ndi foni yanga yomwe. Aliyense anayesa kawirikawiri, ndipo wamng'ono pa onsewo anali ndi dzanja labwino, zimenezo ndivomereze. Kenako anandiuza kuti nditolere makhadi onse m'matope, ndiwapukute pamalaya anga, ndiwabwezere m'paketi. Paketiyo anatenganso. Anangondisiyira joker uja, kundilowetsera m'thumba la malaya, ati chiphaso changa.

Ndinafika kunyumba cha m'ma 1 koloko, mapazi atang'ambika ndi miyala. Alamu ndinawapeza ali pamkeka, akumwa tiyi wa mlongo wanga, akuti anathamangira kukaitana anthu. Anthu ake ati? Mawa lake nkhani inali itafika kale pabala ine ndisanafike, ndipo oifalitsa anali omwewo, akuchita kuyerekezera kaimidwe kanga. Anaona bwanji kaimidweko poti anali atathawa? Ndiye kuti anabisala penapake akuonerera. Mpaka lero sanapepese. Paukwati wa msuweni wathu chaka chatha anandiitana pa maikolofoni kuti a Ninja abwere adzadule keke ndi khadi.

Nditachira ndi pomwe ndinawerenga zomwe ndinayenera kuwerenga poyamba. Khadi limodzi kulemera kwake sikufika ndi magalamu 2 omwe. Ngakhale Rick Smith Jr. amene amaliponya pa liwiro la makilomita 148 pa ola, akuponyabe kapepala. Nkhani yonseyi yoti makhadi ndi zida anaitchukitsa ndi Ricky Jay, wamatsenga a pasiteji wa ku America yemwe anamwalira mu 2018. Mu 1977 analemba buku lotchedwa Cards as Weapons, ndipo bukulo ndi lanthabwala, ngakhale kaponyedwe kamene amaphunzitsamo ndi kenikeni. Pasiteji ankazika makhadi pachikopa cha chivwende, anthu akufa ndi phwete, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mdani wake ndi chipatso. Ine ndekha ndi amene ndinatenga nthabwala ya mzungu ndi kupita nayo kukakumana ndi chikwanje. A pulogalamu ya pa TV yoyesa zinthu zimene anthu amakhulupirira, ya MythBusters, anachita kupanga makina oponya khadi pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola, zotsatira zake kunali kungocheka khungu pang'ono. Ndiye inu ndi dzanja lanu lozizidwa, pa munthu wovala jekete, mukuti mutani? Papaya silivala jekete, silisuntha, ndiponso silibwera ndi anzake awiri.

Tsono malangizo anga ndi awa. Kwerani kabaza, ndipo ndalama ya kabaza isasanduke botolo. Akakuimikani, perekani foni, mudzagula ina. Musayende ndi munthu amene amakutamani kwambiri.

Koma kuponyako musasiye ayi, ndi masewera okoma zedi. Panani khadi pangodya, pakati pa chala cholozera ndi chapakati, osalifinya. Pindani dzanja kuti khadi liyandikire mkono, kenako likwapuleni. Mphamvu ya phewa ilibe ntchito poyamba, chinsinsi chili pa mfundo ya dzanja, chifukwa khadi limawongoka ndi kuzungulira kwake. Likapanda kuzungulira limangophaphalika. Yambirani pafupi, mapazi atatu kuchoka pakatoni, muzibwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Gulani mapaketi otchipa angapo chifukwa ngodya zimabunthika msanga, ndipo khadi lopindika siliwongoka. Ana muwatulutse m'chipindamo. Wakuba simungamupweteke nalo, koma diso la mwana wanu mungaliwononge, ndipo ine ndinatsala pang'ono kutero ndi mwana wa mlongo wanga, khadi linamudula pansi pa chikope.

Komanso kunena zoona paketi ndimayendabe nayo m'thumba, yapulasitiki tsopano, yosanyowa. Ndimaganiza kuti tsiku lija ndikanangomumwaza nawo onse 52 kumaso nthawi imodzi ndi kuliyatsa liwiro, mwina nsapato zokha ndikanapulumutsa. Ndipo musaiwale kuti pamene ndinapisa m'thumba paja anaimadi, masekondi atatu athunthu. Ndikanathawira pomwepo. Mukafuna kuyesa zimenezo yesani, koma mukakafika kuchipatala musakatchule dzina langa.

Joker uja ndikadali naye, ndinamumata kuseri kwa chitseko. Alamu akabwera kudzacheza ndimawakhazika pampando woyang'ana komweko.