Achemwali, pa dzina limodzilo pali anthu awiri

Mwati dzina la agogo awo a mayi anu mwalipeza m'kaundula wa ubatizo ku Nkhoma, lolembedwa nkhondo ya Chilembwe ya 1915 isanachitike, koma kumudzi akuti mwini dzinalo anakwera ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, kupita ku Joni. Zaka zikukana, ndiye mukufunsa ngati kaundulayo analakwitsa. Ine sindikuganiza choncho. Ndikuona kuti mwagwira munthu ndi mphwake, kapena gogo ndi mdzukulu wake.

Kwathu kuno dzina silipita kumanda. Mwana amatchedwa dzina la agogo ake, ndipo kwa Achewa mwana wa mlongo amalowa dzina la atsibweni ake akamwalira, makamaka ngati anali nyakwawa. Akuluakulu akamasimba sanena kuti woyamba kapena wachiwiri, amangoti "a Uje anachita zakuti". Taonani ku Ntcheu: Gomani amene anaphedwa ndi azungu mu 1896 ndi Chikuse, pomwe Gomani amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 ndi mwana wake, Philip. Mutangomva nkhanizo pakhonde mungayese ndi mfumu imodzi. Mfunda nawonso sungakuthandizeni kwenikweni, chifukwa a Phiri ndi a Banda ali mudzi uliwonse kuyambira ku Dedza mpaka ku Chipata.

Ndiye dzinalo liikeni pambali kaye. Funsani kuti munthuyo anabadwa kwa mayi uti, bele liti, anakwatira mudzi uti, nanga anagona manda ati. Amuna ankapita chikamwini, koma mbumba inkatsala pamudzi, choncho mzere wa amayi suduka msanga.

Za zaka musawafunse okalamba manambala, mungowavutitsa. Afunseni zimene anaona kapena kumva. Pa njala ya 1949 munthuyo anali ndi ana angati? Anasenzako katundu wa mtengatenga pa nkhondo ya 1914? Fuluwenza ya 1918 inamupeza ali mnyamata? Za Wenela zili ndi malire ake: ndege yawo itagwa ku Francistown ku Botswana mu 1974, a Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Munthu wobatizidwa ali wamkulu chaka cha 1915 chisanafike sakanakhala ndi mphamvu zolowa mumgodi m'zaka za m'ma 1960.

Ine zinandichitikira mbali ya bambo anga. Ndinakhala zaka ziwiri ndikusakaniza anthu awiri, mpaka azakhali anga anandiuza kuti wina ankamutcha "wa kudambo" ndipo wina "wa ku Halale". Mawu awiriwo anamasula zonse. Azakhaliwo anatisiya chaka chotsatira, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sindinawajambule mawu. Inu pitani ndi foni, ndipo okalambawo muwafunse payekhapayekha, chifukwa akakhala pamodzi wamng'ono amangovomera zonena wamkulu.

Samalaninso ndi mbali inayo, yakuti munthu mmodzi amakhala ndi maina atatu: la paubwana, la ku chinamwali kapena kudambwe, ndi la ubatizo monga Yohane kapena Petulo. Ena ankasinthanso dzina polembetsa ntchito kunja.

Tengani kope, aliyense mumupatse tsamba lake, ndipo pa mfundo iliyonse mulembe amene wakuuzani. Mukabwerera ku Nkhoma pemphani kuonanso kaundula wa maukwati, muone dzina la mkazi ndi mudzi wake. Kenako mukayese ku National Archives ku Zomba. Tatiuzani mudzi ndi mfumu yaikulu ya kwanuko, mwina muno muli wina wochokera komweko.