Ndibzale chiyani kuti agwape abwerere?

FUNSO: Ndili ndi malo a maekala 4 m'mbali mwa phiri kuno ku Bembeke, kumene makolo athu ankasaka agwape ndi akalulu. Lero pangotsala zitsa, ndipo aliyense wodutsa pamsewu amaona malo onsewo. Ndibzale mitengo yanji kuti nyama zipeze chakudya ndi pobisala? Anzanga akuti ndibzale bulugamu.
Wowerenga wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO: Bambo, bulugamu musamuganizire pa ntchito imeneyi. Gwape ndi mbawala si nyama zodalira udzu ngati ng'ombe, koma zimabudula masamba anthete ndi nsonga za nthambi, n'kumatola zipatso zogwa pansi, choncho chakudya chawo chiyenera kukhala chosapitirira m'chiuno mwa munthu. Bulugamu ndi paini, monga amene mumaona m'nkhalango ya Chongoni, amathamangira m'mwamba n'kusiya pansi pali mbee, popanda chodya ngakhale pogona.

Chuma chanu chenicheni ndi zitsa zomwe mukudandaula nazozo. Mitengo yachilengedwe monga mtondo, msuku ndi chitimbe imaphukanso kuchokera kuzitsa ndi kumizu, ndipo popeza mizuyo inalowa kale pansi, mphukira zake zimapirira chilimwe kuposa mbande za kunazale. Wofuna milimo amapatulira mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu, koma inu m'malo ena muzisiye zonse kuti pawirire, pakuti gwape amakonda kugona pamene munthu sangalowe osawerama. Masuku akamagwa kumayambiriro kwa dzinja, mudzaona timapazi take togawikana pakati pansi pa mtengo.

Kumbali ya msewu bzalani nthudza ndi kankhande m'mizere iwiri yotalikirana pang'ono, mvula ikakhazikika mu Disembala kapena Januwale. Yonseyi ili ndi minga, imabala zipatso zodyedwa ndi nyama ndi mbalame, ndipo mukamaidula nsonga imachita nthambi kuyambira pansi. Nkhadze imaphimba msanga, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso, makamaka kwa ana oweta ziweto. Lantana, chitsamba cha timaluwa tamitundumitundu chija, ndiye musayerekeze n'komwe: imafalikira mosaletseka, imapha zomera zinzake ndipo imadwalitsa ng'ombe. Podikira kuti zonsezi zikule, nandolo wobzala m'kati amapereka masamba ndi mthunzi m'chaka choyamba chomwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi moto. Khama la zaka zitatu limatha tsiku limodzi mu Seputembala, osaka mbewa akayatsa tchire, choncho lambulani kuzungulira malo onse udzu usanaumiretu, ndipo mukambirane ndi a mfumu kuti mbuzi, agalu ndi misampha zisalowemo.

Za kusaka, dziwani kuti lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, lomwe analikhwimitsa mu 2017, silimalola kupha gwape kapena mbawala popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ngakhale nyamayo ili pamalo anu. Kafunseni kumeneko musanakonze uzimba uliwonse.